Safunsa anadya phula: zomwe Altezza ya achimwene inandiphunzitsa

Achimwene anga anasunga ndalama zaka zinayi kuti agule Toyota Altezza, yotsalayo n'kukakongola ku banki mkhonde. Tsiku lomwe anaibweretsa kwathu ku Chilobwe, ana a m'dera lonse anaizungulira, ndipo amayi anatuluka m'khitchini kudzafunsa ngati galimoto yotsika chonchi ingadutse msewu wathu wamiyalawu. Ine nthawi imeneyo ndinali chaka chachitatu cha maphunziro a uinjiniya, ndipo ndinali nditangokhoza kumene mayeso a thermodynamics. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene inatipweteketsa.

Kwa inu amene simutsata zamagalimoto, Altezza ndi galimoto imene Toyota inkapanga kuyambira 1998 mpaka 2005, ndipo kunja kwa Japan inkagulitsidwa ndi dzina la Lexus IS. Ya achimwene ndi ya mtundu wa RS200, injini yake ndi 3S-GE ya malita awiri, magiya sikisi apamanja, ndipo imakankha ndi mateyala akumbuyo. Ili yatsopano inkatulutsa mahosipawa 210. Anyamata ambiri kuno amailota chifukwa cha kulira kwake ikamakwera liwiro. Koma yathuyi inali itapitirira zaka 20, itadutsa kale m'manja mwa anthu angapo, ndipo palibe amene ankadziwa zomwe aliyense wa iwo ankathira m'rediyeta.

Vuto linayamba kuonekera m'mwezi wa Epulo. Achimwene akaima nthawi yaitali pamzere wa magalimoto pa Ginnery Corner masana, kamuvi ka pa geji kankachoka pakati n'kumakwera pang'onopang'ono. Msewu ukatseguka, kankabwerera. Loweruka lina tinapita nayo kugalaja ina ya pansi pa mtengo kumene achimwene ankakonzetsa kale njinga yawo yamoto. Makaniko wake anatsegula boneti, n'kugwira mapaipi awiri, kenako anati, "Bwana, vuto ndi thermostat. Kachipangizo kameneka n'ka kumaiko ozizira. Kuno kumotoku kamangotsekereza madzi. Tikachotse, muiwale."

Ine ndinaseka mokweza, moti anyamata ake onse anatembenuka. Ndinayamba kumufotokozera, pamaso pa ophunzira ake, kuti Toyota sinali yopusa poika kachipangizoko. Iye anangopukuta manja pansanza n'kunena kuti, "Chabwino a injiniya, mutiuze inuyo chochita." Achimwene anandiyang'ana monyadira. Iwo sukulu anailekezera Fomu 4 kuti ine ndipitirize, ndipo tsiku limenelo anaona ngati ndalama zawo zayamba kubala zipatso.

Zomwe ndinanena za thermostat zinali zoona ndithu. Ndi kavavu kakang'ono kokhala pa njira ya madzi pakati pa rediyeta ndi injini. M'kati mwake muli kabotolo kachitsulo kodzaza ndi phula, longa la kandulo. Injini ikakhala yozizira, phulalo limakhala louma, vavu imakhala yotseka, ndipo madzi amangozungulira m'injini momwemo kuti itenthe msanga. Madzi akafika pa kutentha komwe kanalembedwa pa thermostat, phula limasungunuka n'kufufuma, limakankha kachitsulo, vavu n'kutseguka, madzi n'kuyamba kupita ku rediyeta. Za Toyota zambiri za nthawi imeneyo zimalembedwa 82, kutanthauza kuti zimayamba kutseguka pa madigiri 80 mpaka 84, ndipo zimamaliza kutseguka pofika cha m'ma 95.

Kuichotsa kuli ndi mavuto awiri. Loyamba ndi lakuti injini imachedwa kutentha, ndipo kukazizira kapena potsika mtunda wautali siifika n'komwe pomwe iyenera kufika. Kompyuta ya galimoto ikaona kuti injini ikadali yozizira, imathira mafuta ambiri. Petulo wina amatsuka oyilo m'makoma a masilinda, chinyezi chimatsalira mu oyilo osauma, ndipo injini imaperepeseka msanga. Lachiwiri ndi lomwe ambiri salidziwa. M'mainjini ambiri thermostat imakhala ndi kambale kachiwiri kumunsi kwake, komwe kamatseka njira yachidule ya madzi pamene vavu yaikulu yatseguka. Mukaichotsa, njira yachiduleyo imakhala yotseguka nthawi zonse, ndiye madzi ena otentha amabwerera m'injini osadutsa ku rediyeta. Galimoto yopanda thermostat imatha kuzizira mopitirira m'mawa, masana n'kuwira pamtunda.

Zonsezi ndinazinena bwino. Pomwe ndinalakwa ndi pa chimene ndinachita nditamaliza kulankhula. M'malo mofunsa chomwe chikutenthetsa galimotoyo, ndinavomereza m'mtima kuti makaniko uja walozera malo oyenera, kungoti mankhwala ake ndi achikale. Usiku womwewo ndinalowa pa intaneti n'kupeza kuti pali ma thermostat a magalimoto a mpikisano, amene amayamba kutseguka pa madigiri 71, ena pa 68. Zithunzi zake zinali zokongola, m'timabokosi tolembedwa Chijapanizi. Ndinauza achimwene kuti yankho la munthu wophunzira ndi limeneli: kuika thermostat yotseguka msanga, yoyenera dziko lotentha. Mtengo wake, kuphatikizapo kuitumiza ndi msonkho, unali waukulu kwa munthu wobweza ngongole mwezi ndi mwezi, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Achimwene sanafunse kawiri. Anati, "Iwe ndiye ukudziwa, mphwanga."

Inafika kumayambiriro kwa Juni. Tisanaiike, ndinafuna kuonetsa achimwene kusiyana kwake. Ndinabwereka thermometer ku labu, ndinatenga poto wa amayi wophikira nyemba, n'kuteleka madzi pambaula. Ndinamangirira ma thermostat onse awiri ku waya n'kuwaviika. Yatsopano inayamba kuyasama madzi atangodutsa madigiri 70. Yakale inadikira mpaka cha pa 82, n'kuyamba kutseguka, ndipo madzi asanawire inali itayasama yonse, bwinobwino, popanda kukakamira paliponse. Amayi, amene anali ataima pakhomo kudandaula za poto wawo, anafunsa kuti, "Nanga zonse zikutseguka, yowonongekayo ndi iti?"

Ndinawayankha kuti sangamvetse. Funso limenelo ndi lomwe ndinayenera kudzifunsa ndekha. Poto uja anali atandiuza poyera kuti thermostat yakale inalibe mlandu. Koma ndalama zinali zitapita kale, ndinali nditanyoza kale munthu pamaso pa antchito ake, ndipo kubwerera m'mbuyo kukanatanthauza kuuza achimwene kuti ndawagulitsa chinthu chosafunika. Ndinaiika.

Kwa miyezi itatu zinkaoneka ngati ndapambana. Kamuvi kankakhala pansi pang'ono pa pakati, ndipo pa Ginnery Corner sikankakweranso. Achimwene ankauza anzawo kuti mng'ono wawo wathetsa vuto lomwe linakanika amakaniko. Sitinaganize kuti imeneyo inali nyengo ya chiperoni, pamene Blantyre amadzuka ndi nkhungu ndipo mpweya womwe umakhala ngati madzi a mumtsuko. Rediyeta iliyonse, ngakhale yodwala, imaoneka yamphamvu mu Julayi. Achimwene anadandaulapo kuti galimoto yayamba kumwa mafuta kuposa kale, pa nthawi imene anthu ankagona pamizere ya petulo, koma ndinawauza kuti ndi phazi lawo lomwe likulemera.

Mu Okutobala tinapita ku chinkhoswe cha msuweni wathu ku Nchalo. Popita zonse zinali bwino, chifukwa kuchoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa galimoto imangotsetsereka. Pobwerera tinanyamuka cha m'ma 2 koloko masana, m'galimoto tili anthu asanu: achimwene, ine, amayi, azakhali ndi mwana wawo, kubuti kuli thumba la mpunga ndi mbuzi yophedwa kale. Amene munakhalapo ku chigwa cha Shire mwezi umenewu mukudziwa kuti kutentha kumapitirira madigiri 40. Tinawoloka mlatho wa Kamuzu, tinadutsa pa Thabwa, n'kuyamba kukwera. Kutsogolo kwathu kunali thiraki yodzaza, ikukwawa, ndipo m'makhotamu munalibe poipitirira.

Apa ndi pomwe phunziro lomwe ndinakhoza pamayeso linandigwira pakhosi. Injini ya petulo imasandutsa gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a mphamvu ya mafuta kukhala mphamvu yoyendetsa galimoto. Gawo lina limatuluka ndi utsi, ndipo lotsalalo liyenera kunyamulidwa ndi madzi kukatayidwa ku rediyeta. Pokwera mtunda ndi katundu, kutentha kumeneku kumafanana ndi ma hotplate makumi angapo oyatsidwa nthawi imodzi. Rediyeta imataya kutentha molingana ndi kusiyana kwa madzi ake ndi mpweya wakunja. Madzi akakhala pa 95 kunja kuli 25, kusiyanako ndi 70. Kunja kukafika 42, kusiyanako kumatsika kufika pa 53, ndiye kuti pafupifupi kota ya mphamvu ya rediyeta yapita. Onjezani kuti tikuyenda pa giya yachiwiri kumbuyo kwa thiraki, mphepo yolowa kutsogolo ili yochepa.

Nanga thermostat yanga ya 71 inali kuti? Inali yotseguka yonse, monga momwe yakale ikanakhalira yotseguka yonse. Ntchito ya thermostat ndi kuletsa injini kuzizira mopitirira. Ikangomaliza kutseguka, ntchito yake yatha, ndipo kuchokera pamenepo zonse zimadalira rediyeta, mafani, pampu ya madzi ndi kapu. Chitseko chotseguka msanga sichikulitsa chipinda. Chomwe ndinagulira achimwene ndi mphindi zochepa chabe za kuchedwetsa vuto, ndipo mtunda wa Thabwa, womwe umakweza galimoto mamita pafupifupi 1,000, sutha m'mphindi zochepa.

Kamuvi kanadutsa pakati, kanadutsa pomwe kankafika mu Epulo, n'kulowera kofiira. Ndinauza achimwene kuti apitirize pang'ono mpaka tipeze poima pabwino. Kumeneko kunali kulakwa kwanga kwachitatu. Pomwe tinkaima, nthunzi inali ikutuluka m'mbali mwa boneti ndipo injini inali ikugogoda. Achimwene anatenga nsanza kuti atsegule kapu ya rediyeta, koma kondakitala wa minibasi ina imene inaima kumbuyo kwathu anakuwa, "Aise, ukufuna kusenda nkhope? Isiye izizire!" Mnyamata ameneyu anapulumutsa maso a achimwene, chifukwa madzi a m'rediyeta yotentha amaphulika akangotsegulidwa.

Tinakhala pamenepo maola atatu. Amayi amadwala BP, ndipo pamalopo panalibe mthunzi weniweni. Ndinawaona atakhala pamwala, atafunda chitenje kumutu, akupuma mofulumira, azakhali akuwakupiza ndi katoni. Sanandinene kanthu. Pamapeto pake tinawakweza minibasi pamodzi ndi azakhali ndi mwana, ife n'kutsala kudikira galimoto yoti itikoke. Mbuzi ija inafika kunyumba itayamba fungo.

M'mawa mwake oyilo anali ngati tiyi wamkaka. Gasiketi inali itapsa. Injini ya 3S-GE ili ndi buloko yachitsulo ndi hedi ya aluminiyamu, ndipo zitsulo ziwirizi sizifufuma mofanana zikatentha. Hedi inali itapindika pang'ono, moti inafunika kukapalidwa pamakina. Galimoto inabwerera kwa makaniko yemwe uja, chifukwa ndi amene achimwene akanatha kumulipira pang'onopang'ono. Nditafika pagalajapo anangoti, "Mwaswera bwanji a injiniya?" n'kupitiriza ntchito yake. Bwenzi atanditukwana, zikanandipepukira.

Iye ndi amene anatitumiza kwa madala ena okonza marediyeta ku Ndirande. Madalawo anawongola timano togwira thanki yapulasitiki yapamwamba, n'kuichotsa, kenako anandiitana. "Mwana wanga, taona apa." Timachubu tambiri ta rediyeta tinali titatsekeka ndi zinthu zoyera zolimba ngati zomwe zimamatirira m'ketulo, zosakanikirana ndi dzimbiri lofiira. Anathira madzi pamwamba, ndipo ankatuluka m'timachubu ta m'mbali mokha. Anati eni ake akale ankathira madzi a pamjigo kapena a pampopi opanda coolant, zaka ndi zaka. Mchere wa m'madziwo unkatsalira m'timachubu, ndipo buloko yachitsulo inkachita dzimbiri popeza munalibe mankhwala oiteteza. Anatenganso kapu n'kundionetsa labala yake, yong'ambika ndi youma ngati chikopa chakale. Tsiku lomwelo makaniko anapeza kuti mwa mafani awiri a galimotoyo, imodzi inali itafa kalekale.

Za kapuyo zinandipweteka kwambiri chifukwa ndi samu ya chaka choyamba. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma kuno ku Blantyre, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, amawira cha pa 97. Kapu ya rediyeta imasunga mphamvu ya mpweya m'kati, ndipo n'chifukwa chake imalembedwa 0.9 kapena 1.1. Ikakhala yabwino, madzi sawira mpaka cha m'ma 120. Ikafa, madzi a m'injini amene ali pa 95 amakhala atatsala madigiri awiri okha kuti awire. Akawira, nthunzi imakuta zitsulo za m'hedi, ndipo nthunzi sinyamula kutentha ngati madzi. Kapu imeneyi mtengo wake sufika ngakhale pa kagawo kakang'ono ka ndalama zomwe tinalipira thermostat ija.

Zizindikiro zonse zinalipo kuyambira mu Epulo. Galimoto imene imatentha ikaima pamzere n'kuzizira ikayamba kuthamanga ikukuuzani za mphepo, ndiye muyambe ndi mafani. Imene imatentha pamtunda kapena pa liwiro ikukuuzani kuti rediyeta siikutha kutaya kutentha, kapena pampu yafooka. Imene imataya madzi popanda podontha poonekera, muikayikire kapu kapena gasiketi. Thermostat yokakamira ili yotseka imatenthetsa galimoto msanga paliponse, paipi imodzi ili moto inayo ili yozizira. Kuyesa zonsezi sikufuna makina odula. Ndikanangoimika galimoto, injini ikulira, n'kudikira kuti ndione ngati mafani onse awiri akuzungulira, bwenzi nkhani ino kulibe.

Sindikunena kuti ma thermostat otseguka msanga ndi achinyengo. Ali ndi malo ake. Munthu wothamangitsa galimoto pabwalo la mpikisano, amene waika kale rediyeta yaikulu, wasinthitsa kompyuta ya injini kuti igwirizane ndi kutentha kotsikako, ndipo amathamanga mphindi zowerengeka n'kupuma, amapindula poyamba mpikisano madzi ali ozizirirapo. Zipangizo zimenezi zimapangidwira galimoto yomwe ili kale bwino. Ife tinaiika pa galimoto yodwala, ndipo inangobisa matendawo mpaka tsiku loipitsitsa.

Chomwe chakhala chikundizunguza kuyambira tsiku limenelo ndi chakuti ine ndi makaniko uja tinalakwa mofanana. Tonse tinaloza thermostat tisanayeze kalikonse. Iye anafuna kuichotsa chifukwa ndi zomwe anaphunzira kwa amene anamuphunzitsa ntchito. Ine ndinafuna kuisintha chifukwa ndi zomwe ndinawerenga kwa anthu a maiko ena amene magalimoto awo sanamwepo madzi a pamjigo. Kusiyana kwake n'kwakuti kulakwa kwake kukanakhala kwaulere tsiku limenelo, pamene kwanga kunabwera ndi risiti, Chingerezi chambiri, ndiponso chidaliro chomwe chinatseka pakamwa aliyense. Achimwene akanatha kukayikira makaniko. Mng'ono wawo wa ku yunivesite sakanamukayikira.

Ndikuona kuti ambiri a ife ophunzira tili ndi matenda amenewa. Timatuluka m'kalasi tikudziwa mmene chinthu chimagwirira ntchito chikakhala chatsopano, koma zomwe tidzakumane nazo kuntchito ndi zinthu zakale: mapampu a m'midzi, majenereta a m'zipatala, zigayo, magalimoto otsika pa doko la Dar es Salaam atayenda kale makilomita ochuluka ku Japan. Zinthu zotere zimafuna munthu woyamba wagwada n'kuyang'ana. Madala a ku Ndirande aja sadziwa dzina la lamulo lililonse la thermodynamics, koma atsegula marediyeta ochuluka kuposa omwe ine ndidzaone moyo wanga wonse, ndipo amadziwa zomwe madzi athu amachita m'kati mwa chitsulo. Ine ndimadziwa chifukwa chake kapu yakufa imawiritsa madzi. Tikanakumana mu Epulo, nzeru ziwirizi zikanapulumutsa injini. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo langa linali m'kabokosi kochokera kunja.

Kukonza galimotoyo kunadya malipiro a achimwene a miyezi iwiri. M'ndalama zimenezo munali lendi ya chipinda chomwe ankandilipirira pafupi ndi sukulu. Semesita imeneyo ndinabwerera kunyumba, ndipo masiku opanda ya minibasi ndinkayenda wapansi kuchokera ku Chilobwe. Achimwene sanandidzudzule ngakhale kamodzi, koma kwa milungu ingapo sankandiuzanso chilichonse chokhudza galimoto. Ndinapita ndekha kwa makaniko uja kukapepesa pamaso pa anyamata ake omwe aja. Anaseka n'kunena kuti, "Basi zatha, achimwene. Koma thermostat ija ndikadaichotsabe." Tinakangananso pang'ono, ulendo uno tikumwa thobwa, ndipo pamapeto anavomera kubwezeramo yakale ya 82 ija, kavavu kake kotulutsira mpweya katayang'ana m'mwamba monga momwe buku la Toyota limanenera. Tinaika rediyeta ina, kapu yatsopano, fani yogwira ntchito, ndi coolant yofiira yosakaniza ndi madzi osungunulidwa, aja othira m'mabatire.

Mu Disembala azakhali anatiitananso ku Nchalo. Usiku woti mawa tinyamuka, achimwene anagogoda pachitseko changa n'kunena kuti, "Mawa ukhale kutsogolo. Uzikayang'ana geji." Pobwerera tinakumananso ndi thiraki pamakhota omwe aja. Kamuvi kanakhala pakati kuyambira pa Thabwa mpaka tinatulukira pamwamba, ndipo amayi, amene ulendo uno ananyamula ambulera ndi botolo lalikulu la madzi, anagona tulo njira yonse.